Pulogalamu Yabwino Imalemekeza Bandulo Yathu

Tikatsegula pulogalamu ya pafoni kuti tione ndalama zimene zatsala ku banki, foniyo imatumiza funso ku kompyuta yakutali yotchedwa seva, sevayo n'kuyankha. Malamulo a kafunsidwe ndi kayankhidwe kameneka amatchedwa API. Ambirife sitidzalembako API, koma ikalembedwa mosasamala amalipira ndife: bandulo imatha msanga, ndipo foni imangozungulira osatsegula kanthu.

Njira zotchuka zilipo zitatu. Yakale ndi SOAP, imene imakulunga uthenga uliwonse m'chilankhulo cha makompyuta cha XML. Malamulo ake ndi okhwima, ndipo mabanki ena akuigwiritsabe ntchito, koma chokulungiracho chimalemetsa uthenga.

Yachiwiri ndi REST, imene Roy Fielding anaifotokoza m'chaka cha 2000. Chinthu chilichonse chimakhala ndi adiresi yakeyake, ndipo mawu olamulira ndi ochepa: GET potenga, POST potumiza chatsopano, DELETE pofufuta. Ubwino wake ndi wakuti yankho likhoza kusungidwa pafoni, osalifunsanso. Vuto lake ndi lakuti wofuna dzina lokha la wophunzira akhoza kulandira fayilo yake yonse.

Yachitatu ndi GraphQL, imene Facebook inayamba kupanga mu 2012 ndi kuitulutsa poyera mu 2015. Apa wofunsa amatchula zimene akufuna, n'kulandira zokhazo. Koma kusunga mayankho kumavutirapo, ndipo seva imafuna katswiri woisamalira.

Anzathu ena amati chatsopano ndicho chabwino. Ife tikuti ayi. Funso loyamba likhale lakuti: adzagwiritse ntchito ndani, pa foni yotani? Ngati sukulu ikufuna kuti makolo aziona zotsatira za mayeso pa intaneti, REST yolembedwa bwino ndi yokwanira, ndipo woikonza ikavuta sasowa. Kuthamanga sikufika.

Njira iliyonse imene yasankhidwa, tikupempha zitatu. Itumize zofunika zokha. Ikalephera, inene chomwe chavuta m'mawu omveka, osati kungoonetsa 404 kapena 500. Ikasintha, yakale isatsekedwe tsiku lomwelo, chifukwa kholo lakumudzi silisintha foni chaka chilichonse.

Ife aphunzitsi a mawa tidzakhala nawo pamisonkhano yosankha mapulogalamu a sukulu. Tisadzangogwedeza mutu pamene wogulitsa akutchula mayina ovuta. Tidzamufunse kuti kholo lidzawononga bandulo yochuluka bwanji kuti lione malikisi a mwana wake.