Zotsatira za kuyeza madzi zilembedwe pa mjigo pomwepo

M'midzi yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje, mjigo watsopano amaweruza ndi amayi. Mmodzi amapopa, wina n'kutchera manja, n'kulawa. Akakwinya nkhope, nkhani yatha, madziwo ndi amchere. Umboni wina umabwera pambuyo: sopo sachita thovu, tiyi sakoma ngakhale muthire shuga wa ku Nchalo wochuluka bwanji, ndowa ikauma imasiya zoyera m'mphepete. Posakhalitsa mjigowo umasanduka wochapira ndi womwetsa mbuzi, pomwe zigubu za madzi akumwa zimalowera ku Shire, kwa ng'ona, kapena kukafukula mchenga mumtsinje wa Mwanza ukaphwa.

Mcherewu unalipo kalekale. Makolo a Amang'anja ankautcheza kuchokera m'dothi la m'chigwa cha Shire n'kumasinthanitsa ndi katundu wina. Kafukufuku wa Maurice Monjerezi wa ku Chancellor College ndi anzake, yemwe anasindikizidwa mu 2011, anasonyeza kuti mcherewo sunamwazikane mofanana pansi pa nthaka. Pena umasungunuka kuchokera m'dothi ndi m'miyala, pena umachuluka chifukwa dzuwa la kuchigwa limaumitsa madzi omwe ali pafupi ndi pamwamba. N'chifukwa chake mudzi uno ungamwe madzi okoma pomwe woyandikana nawo akulavula.

Koma mchere uli ndi ubwino umodzi, subisala. Chomwe lilime silimva ndi fluoride.

Fluoride alibe kakomedwe, alibe fungo. Amatuluka m'miyala ya pansi, makamaka m'zigwa ngati chino komanso pafupi ndi akasupe otentha. Akakhala wochepa amalimbitsa mano. Akachuluka amathimbiriritsa mano a ana mpaka kufiira, ndipo pakapita zaka amatha kuumitsa mafupa. Ambiri amangoti mwanayo satsuka m'kamwa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita imodzi. Muyezo wa Malawi Bureau of Standards wa madzi a pampopi, MS 214, ukugwirizana nazo. Koma wa madzi a m'mijigo ndi m'zitsime, MS 733 wa mu 2005, unaika malire pa mamiligalamu 6. Ndiye kuti mwana wa pamjigo analoledwa kumwa fluoride wochuluka kanayi kuposa mnzake wa pampopi, pepala n'kumanena kuti madziwo apambana mayeso. Akatswiri a ku University of Strathclyde ku Scotland, omwe ayeza mijigo yambiri m'dziko muno, analangiza kuti malirewa atsitsidwe pang'onopang'ono mpaka afike pa a WHO. Mano a ku Bangula ndi a ku Blantyre ndi amodzi, choncho malangizowa sakufuna mtsutso wautali.

Apa mpofunika kunenetsa: kuwiritsa madzi sikuchotsa mchere kapena fluoride. Klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa amapha tizirombo basi.

Tizirombo nato ndi nkhani ina. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anamiza midzi ya m'chigwachi, mu Malichi 2023 Freddy anabwerezanso. Madzi osefukira akagwetsa zimbudzi, zonyansa zimatha kulowa mumjigo kudzera m'ming'alu ya simenti. Mliri wa kolera womwe unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Nsanje inali m'gulu la maboma oyamba kukhudzidwa. Mjigo womwe unayezedwa tsiku lomwe unakumbidwa, n'kudzamira kawiri pambuyo pake, sungadalire chikalata chakalecho.

Chodabwitsa n'chakuti kuyeza kumachitika ndithu. Boma lili ndi malo oyezera madzi ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ophunzira a m'mayunivesite amabwera ndi timabotolo tawo, mabungwe nawo amatenga madzi. Zotsatira zake zimathera m'mafayilo ndi m'magazini a sayansi a kunja, m'Chingerezi chomwe ngakhale mphunzitsi wa pamudzipo angachite nacho thukuta. Amene anapopa madziwo kuti mlendo adzaze botolo lake samvanso kanthu.

Pa mjigo pamakhala kale malo olembapo. Dzina la bungwe lomwe linapereka thandizo ndi chaka chomwe unakumbidwa zimalembedwa bwinobwino pasimenti kapena pachikwangwani. Pambali pake pakhoza kulembedwa, m'Chichewa ndi m'Chisena, tsiku lomwe madzi anayezedwa komaliza, kuchuluka kwa mchere ndi fluoride, ngati munapezeka tizirombo, ndi mawu achidule: akumwa, ofunika klorini, kapena ochapira okha. National Water Resources Authority, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013, pamodzi ndi makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje, angalamule kuti wokumba mjigo asalandire malipiro omaliza komiti ya mjigo isanapatsidwe pepala la zotsatira, komanso kuti mjigo uliwonse womwe wamira uyezedwenso.

Ena amaopa kuti anthu akauzidwa zoona athawira kumtsinje, komwe kuli koopsa kwambiri. Mantha amenewa ndi omveka, koma kumtsinjeko akupita kale, mongoganizira. Mayi wodziwa kuti mjigo wa kusukulu ndi wabwino, ndipo wa pafupi ndi nyumba ndi wochapira, adzasankha yekha koyenda ndi chigubu cha ana. Ndipo komwe mijigo yonse yalephera mayeso, mndandanda wa zotsatirazo ndi umene mafumu ndi makhansala angapite nawo ku Southern Region Water Board ndi ku boma kukapempha mipopi, makamaka tsopano pomwe ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira ikudutsa m'chigwachi.