Mvula ya ku Dedza iyezedwe pasukulu

Ife okulira kumapiri a Dedza timakondwa mvula ikagwa, poganiza za mbatata ya kachewere ndi nyemba. Koma madzi ogwa kumtunda kuno sakhalitsa. Amatsetsereka m'mitsinje ngati Namikokwe ndi Nadzipulu n'kukafika ku Golomoti ndi ku Mtakataka, kumene angathe kupeza anthu ali m'tulo, kwawoko kusanagwe ndi dontho lomwe.

Zipangizo zochenjezera zilipo. Choyezera mvula chamakono chili ndi kachikho kamene kamapendekeka kakadzaza, ndipo makina amawerenga kuti kapendekeka kangati. China amachimangirira pamlatho: chimatumiza mafunde osaoneka pamadzi n'kuyeza nthawi imene atenge kuti abwerere. Nthawiyo ikamafupika, ndiye kuti mtsinje ukudzaza, ndipo uthenga umapita kwa akatswiri kudzera pa netiweki ya foni. Pulojekiti ya M-CLIMES, imene inayamba mu 2017, inaika zipangizo zotere m'maboma angapo.

Komatu chipangizo choikidwa kutchire, anthu osauzidwa ntchito yake, chimangooneka ngati sola ndi batire zodikira wakuba. Chimafunika mwini, ndipo ife tikuti mwiniyo akhale sukulu.

Sukulu iliyonse ya kumtunda ikhale ndi choyezera mvula, ngakhale chowerenga ndi maso, ndipo ophunzira azilemba m'kaundula m'mawa uliwonse. Masamu ake ngosavuta. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi pamalo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Choncho mamilimita 50 pahekitala imodzi ndi malita 500,000. Mwana amene wawerengera yekha zimenezi amvetsa chifukwa chake phiri lopanda mitengo limaopsa anthu a kunsi, ndipo sadzalola kuti wina azule sola ya pamlatho.

Ena adzati aphunzitsi atopa kale ndi makalasi odzaza. N'zoona. Koma kuwerenga choyezera kumatenga mphindi zisanu, ndipo mvula ikachuluka, foni imodzi kwa mphunzitsi mnzathu wa kunsi ingachotse mudzi m'mbali mwa mtsinje. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anasiya anthu oposa 1,000 atafa kapena atasowa m'dziko muno. Madzi akatayika saoleka.

Anzathu amene tikuphunzira zauphunzitsi, tikamapita kukayeserera ntchito, tifunse ahedi ngati sukulu ili ndi choyezera mvula. Ngati ilibe, tiyambe ndife.