"Ofufuza apeza kuti..." Ofufuza ake ati, ndipo anafunsa ndani?

Lero mundikhululukire, ndilankhula mokalipa pang'ono.

Sabata yatha kusikelo kunabwera mayi wina ndi mwana wa miyezi 9. Mwana wonenepa bwino, katemera yense wam'mbuyo analandira. Itakwana nthawi ya katemera wa chikuku, mayiwo anakana. Anatulutsa foni n'kundimvetsera uthenga umene alamu awo anatumiza pa WhatsApp. Mawu a bambo wina akuti: "Pulofesa wa ku America wachita kafukufuku, wapeza kuti ana osabayitsa katemera ndi athanzi kuposa obayitsa." Kenako anandifunsa kuti: "Anesi, pakati pa inu ndi pulofesa, wodziwa zambiri ndani?"

Ine si pulofesa, ndine namwino. Koma mawu oti "kafukufuku" asamatitseke pakamwa. Kafukufuku ndi ntchito ngati kumanga nyumba. Pali omanga bwino, pali omanga zogwa ndi mvula yoyamba. Ndipo inu mayi wakumudzi mungathe kusiyanitsa.

Kafukufuku amene mauthenga oterewa amakonda kutchula alipodi. Anasindikizidwa mu 2017, ndipo anatsogolera ndi Anthony Mawson, pulofesa wa ku Mississippi. Tamverani mmene anachitira. Anaika mafunso pa intaneti kuti amayi ophunzitsa ana awo pakhomo, osati kusukulu, m'zigawo zinayi za America ayankhe okha, osatchula dzina. Ana onse anali 666. Panalibe dokotala amene anapima mwana ngakhale mmodzi. Panalibe amene anatsegula buku lachipatala kuti atsimikize zimene mayi walemba. Woyankha anali amene wafuna yekha.

Tiyerekeze. Ndaima pamjigo n'kukuwa kuti: "Amene ali ndi chonena pa za feteleza abwere kuno!" Abwera ndani? Abwera amene chimanga chawo chinapsa, ndi amene amadana ndi feteleza kuyambira kale. Amene anakolola bwino ali kalikiliki kunyumba. Ndikalemba mayankhowo n'kulengeza kuti "mudzi wonse wati feteleza ndi woipa", ndanama, ngakhale kuti aliyense wa iwo wanena zakukhosi kwake.

Pali chinanso. Banja losabayitsa ana nthawi zambiri silipitanso kuchipatala kawirikawiri. Mwana amene sanaonedwe ndi dokotala sangapezeke ndi matenda, ngakhale akhale nawo. Mayi akafunsidwa kuti "kodi adokotala anapezapo vuto lakuti mwa mwana wanu?" ayankha kuti ayi. Kusapezeka ndi matenda si kukhala wathanzi.

Onaninso mbiri ya pepalalo. Mu 2016 magazini ya Frontiers in Public Health inaika chidule chake pa intaneti, kenako inachichotsa n'kukana kusindikiza. Ndalama za kafukufukuyo zinachokera ku mabungwe odziwika ndi kukayikitsa anthu za katemera. Ndipo pepala lomwelo linavomereza kuti ana obayitsa sankadwala kwambiri katsabola ndi chifuwa chokoka mtima. Zimenezo bambo wa pa WhatsApp uja sanakuuzeni.

Aka si koyamba. Mu 1998 dokotala wa ku London, Andrew Wakefield, analemba m'magazini yotchuka ya The Lancet za ana 12 okha, n'kuchititsa makolo kuopa kuti katemera wa chikuku amayambitsa autism, vuto limene limachititsa mwana kuvutika kulankhula ndi kucheza ndi anzake. Mtolankhani Brian Deer anatulukira kuti Wakefield ankalandira ndalama kudzera kwa loya amene ankakonza zosumira makampani opanga katemerayo. Mu 2010 The Lancet inafafaniza pepalalo, ndipo chaka chomwecho Wakefield analandidwa chilolezo chogwira ntchito ya udokotala. Koma makolo ambiri ku Britain anali atasiya kale kubayitsa ana, ndipo chikuku chinabwerera.

Tsono kafukufuku womangidwa bwino amaoneka bwanji? Ku Denmark, Anders Hviid ndi anzake anatsatira ana 657,461 obadwa pakati pa 1999 ndi 2010, pogwiritsa ntchito zolembedwa za m'zipatala za dziko lonse. Zotsatira zinatuluka mu 2019: autism sinachuluke mwa ana obayitsa poyerekeza ndi osabayitsa. Ana 12 mbali iyi, ana opitirira 600,000 mbali inayo.

Tisapite kutali. Mu 2018 ku Ndirande ndi ku Zingwangwa mumzinda wa Blantyre, ana opitirira 28,000 a miyezi 9 mpaka zaka 12 analowa m'kafukufuku wa katemera wa taifodi. Anawagawa mwamaere: ena analandira wa taifodi, ena wa matenda oumitsa khosi. Makolo ngakhale ofufuza amene ankatsatira anawo sankadziwa kuti mwana uyu walandira uti. Mwana akatentha thupi ankamutenga magazi n'kukayeza kulabu, osati kungofunsa maganizo a mayi. Taifodi inachepa ndi pafupifupi 80 peresenti mwa amene analandira katemerayo. Mu 2023 boma linayamba kumupereka dziko lonse. Umboni unachokera kwa ana athu omwe.

Wina anena kuti: "Anesi, kodi a boma nawonso samayenda m'midzi kufunsa amayi mafunso?" Amatero, ndipo kufunsa amayi si kulakwa. Koma a ofesi ya boma yoona za kalembera ya ku Zomba akamachita kafukufuku wa zaumoyo, monga wa 2015 mpaka 2016, makomo amasankhidwa mwamaere, wolemera ndi wosauka yemwe. Akafika pankhani ya katemera amayamba apempha buku la mwana n'kukopera madeti. Buku likasowa m'pamene amadalira kukumbukira kwa mayi. Amadziwa kuti tonsefe timaiwala. Ineyo pano mutandifunsa deti limene mwana wanga woyamba analandira jakisoni wachiwiri, ndithamangira buku.

Winanso anena kuti: "Inu mumabisa zoipa za katemera." Sindibisa. Mwana akhoza kutentha thupi, kulira usiku, kutupa pamene pabayidwa. Katemera wa BCG amasiya kachipsera pamkono. Mwa apo ndi apo thupi la mwana wina limakana mankhwala mwamphamvu, ndipo mukaona kupuma movutikira kapena kutupa nkhope, thamangirani kuchipatala. Zimenezi timazidziwa chifukwa cha kafukufuku woona yemweyo. Iye amalemba zabwino ndi zoipa zomwe.

Chimene chimandiwawa n'chakuti wotumiza uthenga uja sataya kanthu. Wodwala ndi mwana wanu. Mu 2010 mliri wa chikuku unagwira anthu pafupifupi 134,000 kuno ku Malawi, ndipo opitirira 300 anamwalira. Funsani agogo kunyumbako, akuuzani za ana amene chikuku chinawasiya osaona, ndi ena amene chinawatenga ndi chibayo. Chikuku chimafala mofulumira kwambiri. Mwana mmodzi wodwala akakhala m'tchalitchi kapena m'minibasi, pafupifupi ana onse osabayitsa amene ali pafupi amatenga.

Ndiye uthenga wina ukadzalowa pafoni yanu woti "ofufuza apeza", musathamangire kutumiza kwa anzanu. Funsani izi:

1. Wofufuzayo dzina lake ndani, ndipo ndalama anampatsa ndani?
2. Anaona ana angati, ndipo anawasankha bwanji?
3. Anawapima ndi kuona mabuku achipatala, kapena anangofunsa?
4. Ofufuza ena, m'mayiko ena, atabwereza anapeza zomwezo?

Funso lachinayili ndiye lalikulu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pepala limodzi silingasenze moyo wa mwana wanu, ngakhale wolemba akhale pulofesa. Wotumiza akalephera kuyankha mafunsowa, uthengawo uthere pa inu.

Usiku uno tsegulani buku la mwana wanu. Katemera wa chikuku ndi rubella amaperekedwa kawiri, pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15, ndipo ndi waulere. Ngati mwana anadumpha, musaope kuti tikukalipirani. Bwerani kusikelo kapena muuzeni mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Abambo, nkhaniyi ndi yanunso, chifukwa nthawi zambiri foni imakhala m'manja mwanu.

Mayi aja tinakambirana kwa nthawi ndithu. Pomaliza anati akafunse kaye bambo a mwana. Ndinawalembera tsiku lina m'buku, Lachinayi likubwerali, ndipo ndawapempha kuti abwere nawo bambowo pamodzi ndi foni yawo. Ndikuwadikira.