Asiye mpira akadwazike mwana, koma malo ake amusungire

Mu Malichi 2019, mphunzitsi wa timu ya dziko la Spain, Luis Enrique, anachoka kumsasa wa timu yake kutangotsala pang'ono kuti asewere ndi Malta. Mu Juni anatula pansi udindo umene aphunzitsi ambiri amaulakalaka moyo wawo wonse. Mwana wake wamkazi wa zaka 9 ankadwala khansa ya m'mafupa, ndipo mu Ogasiti anatsikira kuli chete. Pofika Novembala, bungwe la mpira la dzikolo linamubwezera pampando wake, ndipo mu 2025 anatenga chikho cha Champions League ndi Paris Saint-Germain. Ambiri amatamanda mtima wa bamboyu, ndipo n'zoyenera. Ine ndikufuna titamandenso amene anamulandira atabwerera, chifukwa kholo losiya ntchito kukadwazika mwana lachita bwino, ndipo owalemba ntchito ali ndi udindo wolisungira malo.

Kuno ku Kasungu kudwazika mwana ndi ntchito yamanja, yofuna munthu wathunthu. Mwana akagonekedwa pa chipatala cha boma kapena ku St Andrew's ku Mtunthama, pamafunika womudikirira amene amusambitse, amuphikire phala, achape zofunda, akhale maso usiku n'kuthamangira namwino thupi likatentha. Matenda akakula, monga khansa ya ana, ulendo ndi wa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wopitirira makilomita 100 pa msewu wa M1, ndipo mankhwala ake amatenga miyezi. Anamwino ndi ochepa, sangakhale pa bedi lililonse. Wosewera mpira, wa ntchemberembaye kapena mphunzitsi wa timu sangakhale pabwalo m'mawa uliwonse kwinaku akugona pansi pa bedi la mwana ku Lilongwe. Ayenera kusankha, ndipo akasankha mwana wasankha molondola.

Ena adzati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo: wosewera akhale pantchito, chifukwa zaka za mpira ndi zochepa, ndiponso ndalama ya thiransipoti ndi chakudya cha wodwala imachokera komweko. Mfundo imeneyi ndi yolemera, ndipo mlimi wa fodya amaidziwa bwino. Malungo amavuta nthawi ya mvula, nthawi yomweyo yowokera, yopalira ndi yothyola, ndipo fodya sadikira munthu. Tsamba likapsera m'munda kapena kuwolera m'chigafa, ku okushoni ku Chinkhoma sakafunsa kuti mwana anadwala liti. Koma mfundoyi ikungoonetsa kukula kwa chimene kholo limataya, ndipo funso lenileni ndi lakuti: n'chifukwa chiyani litaye zonse lokha? Pamudzi, mayi akagonera kuchipatala, abale ndi anansi amathyola ndi kusoka fodya wake kuti chaka chisapite pachabe. Munda salanda. Matimu athu akulephera bwanji kuchita zimene mudzi umachita osauzidwa?

Enanso adzati abale alipo: agogo kapena azakhali akadikirire mwana, wosewerayo azingotumiza ndalama pa foni. Abale amathandizadi, ndipo popanda iwo mabanja ambiri akanagwa. Komabe madokotala akafuna chilolezo cha opaleshoni kapena kuika magazi, amafuna kholo. Mwana wamantha amameza mankhwala owawa akaona nkhope imene amaikhulupirira. Pansi pa mfundoyi pabisalanso chizolowezi chakuti kudwazika ndi kwa amayi okha. Mtsikana wa ntchemberembaye akasiya masewera chifukwa cha mwana, anthu amangoti ndi mmene zimakhalira. Mnyamata wa mpira akachita zomwezo, amamunena kuti wataya mwayi. Onse awiri ndi makolo, ndipo onse awiri asiya chinthu chimene anachikhetsera thukuta kuyambira pa mpira wachikulunga.

Malamulo athu a ntchito anayamba kale kuvomereza kuti wogwira ntchito ndi kholonso. Lamulo la 2000 limapatsa mayi masabata 8 a tchuthi chauchembere, ndipo kusintha kwa 2021 kunapatsa bambo masabata 2 mwana akabadwa. Koma tchuthi cha matenda ndi cha wantchito amene wadwala mwiniwake. Mwana akadwala kwa miyezi, kholo limadalira chifundo cha bwana. Apa mpamene mabungwe oyendetsa masewera a FAM, Sulom ndi Netball Association of Malawi angatsogolere: m'makontirakiti mulembedwe kuti wosewera kapena mphunzitsi amene mwana wake wagonekedwa nthawi yaitali apatsidwe tchuthi, alandireko gawo la malipiro, ndipo akabwerera apeze dzina lake likadali m'kaundula wa timu.

Ndikudziwa kuti matimu ambiri, makamaka a m'maligi a m'zigawo, amavutika ngakhale kulipira basi yopita kumasewera. Koma kusunga malo sikudya ndalama zambiri. Wosewera akathyoka mwendo, timu imamudikira miyezi ingapo, wina n'kumagwirizira nambala yake, ndipo palibe amene amati ndi kuwononga. Kudikira yemwe akudwazika mwana n'chimodzimodzi. Timu yotero imapindulanso, chifukwa anyamata otsala amaona mmene mnzawo wasungidwira, ndipo amadziwa kuti mawa zikawagwera sadzatayidwa.

Luis Enrique anali ndi chuma choti akanatha kukhala zaka osagwira ntchito. Wosewera wa pa Kasungu Stadium alibe, ndipo n'chifukwa chake iyeyu ndi amene akufunika kwambiri chitetezo cholembedwa. Asamuike posankha pakati pa mwana ndi tsogolo lake. Apite ku wodi ya ana ndi mtima umodzi, akudziwa kuti jezi yake ikumudikira.