Chiboliboli cha m'foni: tisanamizire makina

Bismillahir Rahmanir Rahim. Tikuthokoza Allah amene watifikitsanso m'mwezi wodalitsika wa Ramadhan, ndipo tikumupempha kuti alandire kumanga kwathu ndi mapemphero athu a usiku.

Chinthu chimene tikufuna tikambirane lero ndi chaching'ono, sichipitirira kutalika kwa rula ya mwana wa sukulu. Kuyambira chaka cha 2025, pa Facebook ndi pa WhatsApp pachuluka zithunzi za mtundu umodzi. Munthu amene mumaswali naye mumzikiti wasanduka kachidole konyezimira, kaima pa kachotsamira kozungulira kooneka ngati galasi, pa tebulo la kompyuta, ndipo kumbuyo kwake kuli katoni yokhala ndi nkhope yake ngati katundu wa m'shopu. Mchitidwewu unabuka ndi ChatGPT cha mu April chaka chimenecho, ndipo unafalikira kwambiri Google itatulutsa Nano Banana mu Gemini mwezi wa August.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Munthu amatumiza chithunzi, kenaka amamata mawu a Chingerezi amene anzake amagawana m'magulupu. Ambiri amamata osawerenga n'komwe, koma mawuwo ndi lamulo lomveka bwino: sandutsa uyu akhale chiboliboli cha resin, muyezo wake 1/7, ngati zija zogulitsa. Resin ndi utomoni wa m'fakitale umene amauthira m'chikombole n'kuuma gwa. Muyezo wa 1/7 ukutanthauza kuti munthu wotalika masentimita 170 amatuluka wa masentimita 24.

Tsiku lina swala ya Asr itatha, mnyamata wa Fomu 2 wa ku madrasa kwathu anationetsa Goku amene anamujambula ndi bolopeni kumapeto kwa kope, ndipo pambali pake Goku yemweyo atasanduka chidole. Atapitiriza kutsegula zithunzi, panatuluka malemu agogo ake aamuna, atavala mkanjo ndi chisoti, tasbih ili m'manja, nawonso ataima pa kagalasi kaja. Titamufunsa, anayankha mwaulemu: "Ustaz, si ine ndajambula, ndi Gemini." Mwanayo sitikumuimba mlandu, chifukwa yankho limeneli sanalipeke yekha. Talimva kwa azibambo a ndevu zoyera, kwa alongo a m'magulu a dawa, ngakhale kwa aphunzitsi anzathu. Ndi yankho limeneli limene tikulimbana nalo, chifukwa ndi labodza.

Tiyerekeze kuti mwapita m'tauni ya Blantyre kwa anyamata ogulitsa ziboliboli. Mwawapatsa chithunzi cha bambo anu, mwawauza kutalika kwake, mtengo woti asemere ndi poti adzaimike. Chiboliboli chikatuluka, mungauze ndani kuti inu mulibe nawo mbali, wolakwa ndi sompho? Wosemayo ndi munthu, ali ndi niya yake ndi mlandu wake, komabe inu wotuma simungathawe. Nanga makina? Makina alibe niya, samanga, saswali, ndipo pa tsiku la Kiyama sadzaimitsidwa kuti ayankhe. Mu ntchito yonseyo muli niya imodzi yokha, ya amene anasankha chithunzi ndi kutumiza mawu. Hadith yoyamba imene timaphunzitsa ana imanena za niya. Tingaiwale bwanji tikagwira foni?

Tikhale achilungamo, chifukwa Ramadhan si mwezi wowonjezera pa zimene Allah waletsa. Ma Ulama amasiyana maganizo pa chithunzi cha kamera. Tonsefe tili ndi chiphaso cha unzika chokhala ndi nkhope zathu, ndipo palibe amene amapita ku Hajj wopanda pasipoti. Mufti Taqi Usmani wa ku Pakistan amaona kuti chimene chikuoneka pa galasi la foni kapena la kompyuta sichinafike pokhala chithunzi choletsedwa mpaka chitasindikizidwa, pomwe ena amaumitsa kuposa apa. Zidole za ana nazo zili ndi chilolezo chake. Mayi Aisha (RA) anali ndi zidole, pakati pake panali hatchi ya mapiko, ndipo Mtumiki (SAW) ataiona anaseka, sanaiphwanye. Choncho mayi wogulira mwana wake chidole mumsika wa Limbe asavutike mumtima ndi nkhaniyi.

Koma pali malo amodzi pamene madh-hab onse anayi amakumana: chifaniziro chathunthu cha munthu kapena nyama, chokhala ndi thupi ndi mthunzi, chopangidwira kuimikidwa ndi kuonetsedwa. A Maliki, amene amafewetsa pa zojambula za pa pepala ndi pa nsalu, nawonso pa chiboliboli amaletsa. Mu Bukhari ndi Muslim muli ma Hadith ochenjeza kuti opanga zifaniziro adzauzidwa kuti aziike moyo zimene anapanga, ndipo sadzatha. Ophunzira ena amatibweretsera ayah ya 13 ya Sura Saba, yonena za zifaniziro zimene ziwanda zinkapangira Mneneri Sulaiman (AS). Yankho la ma Ulama ndi lakale: limenelo linali lamulo la nthawi yake, ndipo ife tikutsatira shariya ya Mtumiki womaliza.

Wina anena kuti, chabwino, koma changachi si chiboliboli, ndi chithunzi chabe cha chiboliboli. Ndi zoona, ndipo sitikunena kuti hukumu yake ndi yofanana ndi ya wosema. Koma taganizirani chimene munapempha. Pa zinthu zonse zimene makinawo angathe kupanga, munasankha kudziona mutasanduka chinthu chimodzi chimene ma Imam onse anagwirizana kuchiletsa. Msilamu atapempha chithunzi chomuonetsa atagwira botolo la mowa n'kuchiika pa Facebook, mowa sanamwe, swaumu yake sinamasuke, koma palibe mwa ife amene angamuikire kamtima. Tikudziwa kuti diso likazolowera, mtima umasiya kunyansidwa. Ndiponso mtunda wochoka pa chithunzi kukafika pa chinthu chogwirika wafupika. Makina osindikiza zinthu za thupi lathunthu ndi utomoni alipo kale, ndipo amene ali ndi m'bale ku Johannesburg kapena amaitanitsa katundu ku China akhoza kuona chiboliboli cha bambo ake chitaima pa kabati ya pabalaza.

Apa ndi pamene pali mantha athu enieni: akufa. Mu Sura Nuh, ayah ya 23, Allah watchula mafano asanu: Wadd, Suwa', Yaghuth, Ya'uq ndi Nasr. Ibn Abbas (RA), monga zilili mu Bukhari, anafotokoza kuti amenewa anali mayina a anthu olungama. Atamwalira, anthu anaimika zifaniziro m'malo amene ankakhala ndipo anazipatsa mayina awo. M'badwo woyambawo sunazipembedze. Unali ndi chisoni ndi chikondi basi. Koma utatha m'badwo umenewo, chidziwitso n'kuiwalika, zidzukulu zinayamba kuzigwadira. Mtumiki (SAW) polowa mu Makka m'chaka cha 8 cha Hijra anapeza mafano 360 atazungulira Ka'ba, nyumba imene Ibrahim (AS) anamangira Allah yekha.

Lero pa mafoni athu tikuona malemu mayi, malemu Shehe amene anatiphunzitsa alifu, atasandutsidwa zidole, pansi pake palembedwa dua, ndipo ndemanga zonse ndi "Mashaa Allah". Palibe amene akupembedza, tikuvomereza. Anthu a Nuh oyamba aja nawonso sankapembedza. Shaitan sathamanga, amadziwa kuti papsa tonola sudziwa mtima wa moto ndi mwambi wa anthu, osati wake. Iye amadikira mibadwo. Ndipo tisanamizane kuti chiboliboli ndi chinthu wamba. Ife a mu Blantyre tikukumbukira za 2018, pamene anthu anapita kukhoti kukaimitsa ntchito yomanga chiboliboli cha Mahatma Gandhi pa Ginnery Corner. Ovomereza ndi otsutsa omwe ankagwirizana pa mfundo imodzi: kuimika munthu motere ndi kumukweza. Kodi ife eni Tawhid ndi amene tikhale omaliza kuzindikira zimenezi?

Palinso nkhani ya amana. Chithunzi chimene mwatumiza sichikhala m'foni mwanu mokha, chimapita ku makompyuta a kampani kunja kwa dziko lino. Mwamuna amene sangalole mlendo kuyang'anitsitsa mkazi wake pa depoti ya Limbe akutumiza yekha nkhope ya mkaziyo ndi ya mwana wake wamkazi, nthawi zina osawapempha. Makinawa anaphunzira kuchokera ku zithunzi zochuluka za zidole za m'makatuni, zimene zambiri zimaonetsa thupi la mkazi mokokomeza. Mlongo amene anadziphimba bwino akhoza kutuluka chovala chitamuthina. Wamuvula ndani?

Tikudziwa kuti ena ati ma Ustaz amadana ndi chitukuko. Ayi. Mwana wojambula Goku uja ali ndi mphatso, ndipo kholo kapena mphunzitsi amene angamuthyape kapena kumutchula mushrik walakwa kuposa mwanayo. Munthu wina wokhalira ntchito yojambula atapita kwa Ibn Abbas (RA), sanamuuze kuti asiye luso lake. Anamulozera ku mitengo ndi zinthu zopanda mzimu. Ifenso tichite chimodzimodzi. Mwana ajambule phiri la Ndirande, minibasi ya ku Bangwe, mzikiti umene akufuna kudzamanga kwawo, zilembo zokongola za Chiarabu. Akawauze makinawo kuti asandutse pulani yake ya nyumba kukhala yooneka ngati yeniyeni. Luso lomwelo likhoza kumufikitsa ku MUBAS kukaphunzira zomangamanga, kapena kupanga mwendo woikirira wa munthu wolumala. Khomo lotseguka ndi lalikulu kuposa lotsekedwa.

Pempho lathu m'masiku otsalawa ndi ili. Mukamaliza kufutulu, musanapite ku tarawehe, khalani pansi ndi ana anu, mutsegule mafoni pamodzi, kuyambira yanu. Afotokozereni nkhani ya anthu a Nuh modekha. Fufutani zidole za malemu, ndipo amene anakutumizirani muwauze mwaulemu ndi mwamseri. Malemu mayi anu sapindula kanthu ndi kagalasi kozungulira. Chimene chimawafika m'manda ndi sadaka yopitirira, maphunziro amene anasiya ndi dua ya mwana wolungama. Ndalama ya bandulo ija ikhoza kugula futali wa mnansi amene wamanga wopanda daku. Ndipo tikalakwitsa, tinene kuti talakwitsa, tipemphe chikhululuko. Allah amakhululukira wolapa, koma munthu amene akunamizira makina sanayambe n'komwe kulapa.

Allah ateteze Tawhid yathu ndi ya zidzukulu zathu, awakhululukire akufa athu, ndipo atilembe mwa omasulidwa ku Moto m'mwezi uno. Allah ndiye Wodziwa bwino.