Chinapha ampu yathu si Sobo ayi

Anzanga, Lolemba lapitali nonse munaona ahedi akukuwa pa asembule mpaka mawu kusasa, ife akumbuyo osamva kanthu. Chifukwa chake mukuchidziwa: ampu yafa. Pano aliyense akusaka amene anatayira Sobo, ena akuti alipire yekha, ena akuti disiko ingothetsedwa. Ine ndikuona mosiyana, ndipo ndikupempha muwerenge mpaka pansi musanandiweruze.

Zinachitika Loweruka pa nyimbo yomaliza. Wina anaika kapu ya Sobo pamwamba pa ampu, gule atakoma wina n'kugunda tebulo, Sobo n'kulowa m'timabowo totulukira mpweya wotentha. Mwini kapu anangopukuta pamwamba ndi mpango, n'kukhala chete. Ine ndinali m'gulu lonyamula zida kukasunga. Ndinamva kunata m'manja koma sindinafunse, ndimathamangira kunyumba kusanade. Choncho mlanduwu nanenso ukundikhudza. Ampu inagona masiku awiri ndi Sobo m'mimba, Lolemba titayatsa inangoti phu, fungo la kupserera.

Taganizani zomwe timaphunzira mu Physics ndi Chemistry. Madzi okhala ndi zinthu zosungunukamo amadutsitsa magetsi. Akagwera pa bolodi ya mkati, amalumikiza njira zomwe siziyenera kukumana, ndiye shoti imene timanena ija. Zakumwa zotsekemerazi n'zoipa kuposa madzi wamba chifukwa zili ndi shuga ndi asidi. Madzi amauma, koma shuga amatsala, amanata, amakoka chinyezi ndi fumbi, pomwe asidi amadya pang'onopang'ono timiyendo ta zipangizo ndi malo owotcherera. Ndiye kunena kuti "yauma, yatsani" n'kudzinamiza. Pamwamba pouma, mkati muli manyuchi.

Akanangonena usiku womwewo, zoyenera kuchita sizinali zovuta. Choyamba n'kuzimitsa ndi kuzula pulagi pakhoma nthawi yomweyo, manja ali ouma. Magetsi athu ndi a mavoti 230, si oseweretsa. Ngati ndi sipika yochajitsa kapena maiki yopanda waya, chotsani batire ngati limachoka. Chachiwiri, pendeketsani chidacho kuti chakumwa chitulukire komwe chinalowera, osachigwedeza, chifukwa kugwedeza kumangochifalitsa. Pukutani kunja ndi kansalu. Chachitatu, chomwe chimatikanika ambiri: osayatsa "kuti tione ngati ikugwirabe". Kuyesa kumeneko n'kumene kumapha zida.

Zotsegula mkati zisiyireni aphunzitsi a Physics kapena okonza mawailesi kumsika. Mu ampu muli makapasita akuluakulu omwe amasunga magetsi ngakhale mwazula pulagi, ndipo akhoza kukumenyani. Wodziwa amayamba watsuka shuga ndi madzi oyera osasakaniza kanthu, omwe aja amagulitsa othira m'batire la galimoto (madziwo, osati asidi wake!), pogwiritsa ntchito kaburashi kofewa ngati mswachi. Amayamba ndi madzi chifukwa shuga sasungunuka bwino mu spiriti. Kenako amatsukuluza ndi spiriti ya isopropyl, yomwe imachotsa madzi otsalira n'kuuma msanga. Makonono a voliyumu akamalira kuti kwee-kwee powapotokola, pali mankhwala ake opopera otsukira molumikizira magetsi. Akatero amaisiya yotsegula pamthunzi, podutsa mphepo, masiku awiri kapena atatu. Osaiyanika pamoto kapena pamalata otentha, ndipo zoikwirira mu mpunga zija n'zopanda pake, mpunga suchotsa shuga. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono funso langa ndi ili: n'chifukwa chiyani mnzathuyu anakhala chete? Mantha basi. Pasukulu pano tonse tikudziwa kuti ukaswa galasi la windo n'kukadzinenera wekha, chilango chake n'chimodzimodzi ndi cha wogwidwa akubisa. Ndiye ndani angadzipereke? Tadziphunzitsa tokha kubisa, ndipo kubisako kwatidyera ampu yomwe makolo athu anasonkhera atagulitsa chimanga ndi mtedza.

Ena akuti, "Aaa, iwe, ukufuna olakwa azingokhululukidwa?" Ayi. Kuika kapu pa ampu n'kulakwa, ndipo mwini wake asonkheko pa ndalama zokonzetsera. Koma timusenzetse zonse yekha chifukwa chiyani? Amene anaika tebulo la zida pakati pa ovina ndani? Amene ankaona makapu ndi mabotolo akundandalikidwa pafupi ndi DJ osalankhula ndani? Ndife tomwe. Ndipo tikamufinya mmodziyu kuti ena atengerepo phunziro, phunziro lomwe atengepo ndi lakuti ulendo wina adzabise kwambiri.

Kwa amene akuti disiko ithe, ndikuti mwaiwala kuti ampu yomweyi ndi imene timagwiritsa ntchito pa asembule, pa mtsutso, pa zisudzo ndi pa misonkhano ya makolo. Tiyi wa pa msonkhano atha kutayikira momwemonso. Vuto ndi kapu kukhala pafupi ndi chida, kaya pali gule kaya palibe.

Ndikupempha zinthu zitatu kwa aphunzitsi oyang'anira zosangalatsa ndi mapulifekiti. Tebulo la zida lizikhala pakona, lotchingidwa ndi madesiki, ndipo chakumwa chisadutse pamenepo, ngakhale cha DJ kapena cha aphunzitsi. Pabokosi losungira zida pamatidwe pepala lolembedwa zazikulu: zimitsa, zula pulagi, usayatsenso, kanene. Ndipo pakhale lamulo lomveka loti wonena yekha nthawi yomweyo sapatsidwa chibalo.

Anzathu a Fomu 4, phwando lanu lotsanzikana likubwera, ndipo pakadali pano tilibe choimbira. A kukonza akuti aona kaye ngati chapsacho n'chosinthika. Podikira yankho, mnzanga amene unataya Sobo, pita ukawauze aphunzitsi kuti kapu inali pati ndipo inali yodzaza bwanji, ziwathandiza okonzawo kudziwa poyambira. Ukaopa kupita wekha, undipeze ku Fomu 3 pa buleki, tikapitire limodzi. Paja ndanena kale kuti nanenso ndili ndi chokaulula.

Wolemba: mnzanu wa Fomu 3