Mphiri ikaluma munthu, musachedwe naye pakhomo

Mvula ikayamba kwathu kwa Njombwa ku Kasungu, njoka nazo zimatuluka. Ndi nyengo yomwe anthu amalawirira kukabandira fodya, ena n'kumasoka masamba m'chigafa mpaka mdima, ambiri osavala nsapato. Mphiri sithawa munthu. Imangogona phee m'kanjira, khungu lake ngati masamba ouma, mpaka wina aiponde.

Ndili mwana ndinaona mnyamata wa tenanti wina atalumidwa pakakolo. Akuluakulu anamumanga mwendo ndi legeni, n'kumutema mphini, wina n'kuyamwa bala. Onsewo ankamufunira moyo. Koma pomwe ankafika kuchipatala m'mawa mwake, mwendo unali utada bii, ndipo anaudula. Mpaka lero zimandipweteka.

Ululu wa mphiri umatupitsa ndi kuoletsa mnofu. Mukamanga zolimba magazi sayenda, mwendo umafa msanga. Ululu wa mamba wakuda umafoola thupi: zikope zimagwa, kenako munthu amalephera kupuma. Mphini ndi mwala wakuda woika pabala sizingatulutse ululuwo.

Tsono wolumidwayo muchotseni pamene pali njoka, mumukhazike mtima pansi, mumuvule mphete, zibangili ndi nsapato asanatupe. Chiwalocho chichirikizeni ndi kathabwa kuti chisagwedezeke, koma osathinitsa. Asayende yekha ayi. Munyamuleni, kaya pa kabaza, kaya pangolo, mpaka kumsewu wa M1, mulunjike kuchipatala. Akamasanza, mugonekeni chammbali. Njoka ikamulavulira m'maso, tsukani ndi madzi ambiri. Njokayo musaisake; mungangowonjezera wodwala wachiwiri.

Mankhwala enieni ndi antivenomu, opangidwa kuchokera m'magazi a akavalo, ndipo amaperekedwa m'mitsempha kuchipatala kokha. Bungwe la WHO limati njoka zimapha anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 padziko lonse chaka chilichonse, ndipo mu 2017 linaika vutoli m'gulu la matenda onyalanyazidwa. Onyalanyazidwa chifukwa olumidwa ndi alimi ndi ana awo, anthu opanda mawu m'maofesi. Mankhwala odalirika a Fav-Afrique analeka kupangidwa mu 2014 poti sankapindulitsa kampani yowapanga.

A Unduna wa Zaumoyo, mankhwalawa azipezeka ku chipatala chachikulu cha Kasungu nyengo ya dzinja isanafike. Nanu eni maesiteti, mukamawerengera ndalama za fodya wogulitsa kumsika wa Chinkhoma, patulaniko zogulira matenanti anu majombo ndi tochi.